£7,500 ya heat pump ija: kodi ife a tinyumba ting'onoting'ono ikutikhudza?

Bambo a Chikondi, Manchester:
Moni nonse. Uthenga umodzimodzi wakhala ukuzungulira m'magulu athu, wakuti boma la kuno ku UK likupereka £7,500 kwa wofuna kuchotsa boiler ya gasi, imene imatenthetsa nyumba ndi madzi, n'kuika heat pump, makina a magetsi ogwira ntchito yomweyo. Amene mukuzidziwa bwino tithandizeni. Ine m'kuona kwanga ndalama imeneyi anaikonzera anthu a zinyumba zikuluzikulu, zokhala ndi kapinga kuseri ndi galaja pambali. Ambirife amene tinakwanitsa kugula nyumba tinagula za mdadada, zogundizana makoma, zipinda ziwiri, khitchini yoti anthu awiri akakumana mmodzi abwerere. Chimakinacho tikachiika pati? Nanga £7,500 yo imakwana, kapena ndi nyambo chabe?

Anaphiri, Nottingham:
Ndalamayo ndi yoona achimwene, si za anyamata oba pa foni aja ayi. Dzina lake ndi Boiler Upgrade Scheme, ya ku England ndi Wales. Inayamba mu 2022 ili £5,000, anthu osaithamangira kwenikweni, ndiye mu October 2023 anaikweza kufika £7,500. Amayendetsa ndi a Ofgem, bungwe loyang'anira za magetsi ndi gasi. Koma musayembekeze kuti ilowa mu akaunti yanu. Kampani yoika makinawo ndi imene imakupemphererani, n'kuichotsera pa mtengo wonse, inu n'kulipira chotsalacho. Kampaniyo ikhale ndi chiphaso cha MCS, chosonyeza kuti ndi yovomerezeka pa ntchito imeneyi. Safunsa kuti mumalandira zingati pa mwezi.

Bambo a Chikondi, Manchester:
Pa "chotsalacho" ndiye pagona nkhani. Chimatsala chingati?

Amalume a mapaipi, Leicester:
Ndilowepo, poti imeneyi ndiye ntchito imene imandidyetsa. Ntchito yonse pa nyumba wamba kawirikawiri imafika cha m'ma £12,000 kapena £13,000 thandizo lisanachotsedwe. Munthu amaganiza kuti poti nyumba yanga ndi theka la ya uje, mtengo ukhalanso theka. Ayi ndithu. Makina aang'ono ndi otsikirako mtengo, inde, koma kusiyana kwake n'kochepa. Chimene chimadya ndalama ndi zina zonsezi: kuyeza chipinda chilichonse kuti tidziwe kutentha kumene kumathawa, thanki ya madzi otentha, munthu wa magetsi, mapaipi, anthu awiri kapena atatu kugwira ntchito masiku angapo, kenako mapepala. Zimenezi sizichepa chifukwa choti nyumba yachepa.

Vuto lalikulu m'nyumba zathuzi ndi thanki. Zambiri zili ndi combi, imene imatenthetsa madzi pompopompo mukatsegula mpopi. Pamene eni ake akale ankaika combi anachotsa thanki, kabati yake n'kuisandutsa shawa kapena kuigwetsa kuti chipinda chikule. Heat pump sithamanga choncho, imatenthetsa madzi pang'onopang'ono n'kuwasunga, ndiye thanki iyenera kubwerera. Ndikalowa m'nyumba ya Mmalawi mnzanga ndimayamba ndatsegula kakabati ka pansi pa masitepe. Muli hoover, thumba la ufa, mpunga wa Kilombero wobwera ndi mlendo, masutikesi awiri odikira ulendo wa kumudzi, nsapato za ana zoti zikapite kwa asuweni awo. Ndikati thanki ikhala muno, mayi a nyumba amangondiyang'ana osayankha.

Chachiwiri ndi ma radiator, zitsulo za pakhoma zija zotenthetsa chipinda. Boiler imatumiza madzi otentha madigiri 65 kapena 70, ndiye ka radiator kakang'ono kamakwanitsa. Heat pump imagwira bwino pa madigiri 45 kapena kutsikirapo, choncho ma radiator ena amafunika okulirapo. Ngati nyumbayo ili ndi timapaipi ting'onoting'ono ta 8mm kapena 10mm tija ankakonda kuika kale, nthawi zina mpaka kuzula matabwa a pansi.

Koma ndisakuopsezeni zokhazokha. Nyumba ya pakati pa mdadada ili ndi mwayi umodzi waukulu: mbali ziwiri ikutenthetsedwa ndi anansi, kuzizira kumalowera kutsogolo ndi kumbuyo kokha. Makina a 5kW amakwana. Ikapezeka kuti malo a thanki alipo kale ndipo ma radiator osintha ndi awiri kapena atatu, chotsala chija chimatha kufanana ndi mtengo wa boiler yatsopano, mwinanso kutsikirapo. Ndi chifukwa chake simungadziwe mtengo wanu pofunsa pa gulu. Nyumba ziwiri zogundizana khoma zimasiyana mtengo ndi masauzande.

Mayi a Tadala, Birmingham:
Amalume pepani funso la mbuli. Mu January kunja kuli chisanu choti galimoto yachita kuuma magalasi, ndiye makinawo kutenthako akutenga kuti?

Amalume a mapaipi, Leicester:
Si la mbuli mayi, aliyense amafunsa lomwelo. Pitani mukagwire kuseri kwa firiji yanu, mupeza kukutentha. Firiji ikutola kutentha m'kati mozizira kale n'kukutayira kunja. Heat pump ndi ntchito yomweyo, kungoti ikutola kunja n'kulowetsa m'nyumba. Mpweya wa madigiri 0 umakhala udakali ndi kutentha koti n'kutola. Ku Norway kumazizira kuposa kuno, koma ndi kumene nyumba zambiri zili ndi makina amenewa.

Nachisale, Coventry:
Ine nkhawa yanga si mtengo woika ayi, koma bilu ya mwezi ndi mwezi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuno yuniti ya magetsi mtengo wake ndi pafupifupi kanayi wa yuniti ya gasi. Heat pump yoikidwa mwapakatikati imatenga yuniti imodzi ya magetsi n'kukupatsani mayuniti atatu a kutentha. Boiler imataya pang'ono, pa 10 mumapezapo 8 kapena 9. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti bilu ikungofanana, mwina heat pump kukwerako pang'ono. Kuti mupindule pamafunika woika waluso amene afikitse makinawo pa mayuniti 3.5 kapena 4 a kutentha, mulowenso pa tarifi ya maola otsika mtengo, ndiponso muchotseretu mita ya gasi kuti musamalipire standing charge, ndalama yolipira tsiku ndi tsiku chifukwa chongokhala ndi mitayo, imene pa chaka imapitirira £100 ngakhale musanayatse chilichonse. Kutanthauza kuti nsimanso muziphikira pa magetsi.

Ndiye apa pali chimene anthu sanena. Wa nyumba yaikulu amawotcha gasi wambiri, akapulumutsa gawo limodzi pa magawo khumi ndi ndalama yooneka. Wa nyumba yaing'ono bilu yake ndi yochepa kale, chopulumutsacho ndi makobidi. Ngati walipira £4,000 kuchokera m'thumba, idzabwerera liti? Mwina ana atamaliza yunivesite.

Anaphiri, Nottingham:
Masamu anuwo ndi oona achemwali, koma mwaiwala chimodzi. Boiler siikhala mpaka kalekale. Ikafa mugulabe ina. Muziyerekeza £4,000 yo ndi mtengo wa boiler yatsopano, osati ndi ziro.

Nachisale, Coventry:
Ndavomera. Koma boiler imafa mu December usiku, ana ali ndi chimfine. Amalume tiuzeni, tsiku limenelo heat pump ingaikidwe mawa lake?

Amalume a mapaipi, Leicester:
Singaikidwe. Kuyeza, koteshoni, kupempha thandizo, kudziwitsa kampani ya mawaya a magetsi ya dera lanu, zonsezi ndi masabata. Boiler ndimaika tsiku limodzi. N'chifukwa chake anthu ambiri amene anali ndi mtima wosintha amangobwezeranso gasi, n'kukhala nayenso zaka zina khumi ndi zisanu. Wofuna kusintha ayambe boiler idakali moyo, makamaka nthawi yotentha.

Mlongo wa ku Luton:
Ife a lendi tizingowerenga basi? Nyumba imene ndimakhala pakona pa windo pamamera nkhungu yakuda chaka chilichonse. Ndimapukuta ndi bleach Loweruka, pofika Lachinayi yabwerera. Matiresi a mwana ndinachita kuwasuntha pakhoma. Landilodi ndikamuuza amati muzitsegula mawindo. Mu February! Ndiye munthu ameneyu n'kumuuza za heat pump?

Anaphiri, Nottingham:
Pepani mlongo. Malamulo amalola landilodi kupempha £7,500 ija pa nyumba yochititsa lendi, koma mwaona kale pamene pavuta: wolipira kukonza ndi iye, wopindula pa bilu ndi inu. Safulumira. Chimene chimamukakamiza panopa n'chakuti kuyambira 2020 nyumba ya lendi siyenera kukhala pansi pa E pa EPC, chikalata choika nyumba pa A mpaka G malinga ndi mmene imadyera gasi ndi magetsi (A ndiye yabwino kwambiri), ndipo boma lanena kuti likufuna zifike pa C pofika 2030. EPC ya nyumba iliyonse ili poyera pa gov.uk, mumangolemba postcode. Kayang'aneni yanu. Za nkhungu musadikire 2030, kauzeni a khonsolo mbali ya environmental health, ali ndi mphamvu yobwera kudzaona.

Palinso Warm Homes: Local Grant, imene inayamba mu 2025 ku England ndipo imadutsira ku makhonsolo. Ndi ya nyumba za EPC D mpaka G, kwa mabanja amene onse pamodzi amapeza £36,000 kapena kutsikirapo pa chaka, ndipo a lendi amaloledwa bola landilodi avomere. Imeneyi ndiye imayandikira anthu ngati ife chifukwa imalipira zotchinga kuzizira m'denga ndi m'makoma, osati makina okha. Kungoti si khonsolo iliyonse imene ili nayo, ndipo mizere ndi yaitali.

Mayi a Tadala, Birmingham:
£36,000 ya banja lonse? Bambo ndi mayi onse akugwira ntchito ya care, ndi ma shift a usiku omwe, adutsa kale pamenepo. Pa pepala ndife olemera, m'thumba mulibe kanthu. Mortgage, childcare, fizi ya ana a malemu achimwene ku Zomba, ndalama ya visa. Osauka kwambiri boma liwalipirira zonse, olemera ali ndi £5,000 yongokhala. Ife a pakati ndiye tagwa m'mpata.

Achimwene a ku Luton Road:
Komanso ambiri tili ndi chidindo chija cha pa visa cha no recourse to public funds, choletsa kulandira thandizo la boma. Munthu amaopa kukhudza chilichonse cholembedwa kuti "grant", kuopa kuti chidzatulukira tsiku lopempha indefinite, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale.

Nachisale, Coventry:
Mantha amenewo ndi omveka. Koma mawu akuti public funds ali ndi mndandanda wake weniweni m'malamulo a immigration, zinthu ngati Universal Credit, Housing Benefit, Child Benefit. Si ndalama iliyonse yochokera ku boma. Kawerengeni mndandandawo pa gov.uk, ndipo ngati mtima sukukhazikika funsani loya wanu musanasaine. Pamene chidindocho chimatipweteka kwenikweni ndi pa mapologalamu amene khomo lake lolowera ndi kukhala pa benefits. Ngati suloledwa kulandira benefits, khomo limenelo ndi lotseka ngakhale uvutike bwanji.

Agogo a ku Leeds:
Ana anga, ine ndakhalitsa kuno, ndaona mapologalamu amenewa akubadwa n'kufa. Mu 2013 kunabwera Green Deal, ngongole yokonzera nyumba yobweza kudzera pa bilu ya magetsi. Chiwongoladzanja chake chinali chokwera, anthu anaikana, pofika 2015 boma linasiya kuikamo ndalama. Mu September 2020 kunabwera Green Homes Grant, mavocha mpaka £5,000, ena £10,000. Anthu anathamanga, amisiri analemba anyamata ntchito, mu March 2021 n'kuitseka. Miyezi isanu ndi umodzi yokha. Amisiri ena anadikira malipiro awo mpaka kutopa.

Ndiye kunabwera ECO4 mu 2022, imene makampani a magetsi ndi gasi amalipira kukonza nyumba za osauka. Mu msewu wathu munadutsa anyamata ogogoda pakhomo, ma jekete owala, akuti zonse ndi zaulere agogo, sainani apa. Mnansi wanga anasaina. Anamata makoma akunja, nyumba n'kuoneka yatsopano, tonse kusirira. Dzinja lotsatira madzi anayamba kulowa pansi pa windo, pulasitala wa m'kati kufufuma, fungo la chinyezi mpaka m'zovala. Kampani ija foni yake siinkayankhidwanso. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo si iye yekha: mu October 2025 a National Audit Office, ofufuza mmene ndalama za boma zayendera, anapeza kuti nyumba 98 pa 100 zimene zinamatidwa makoma akunja pansi pa ECO4 ndi pologalamu ina yofanana nayo zikufunika kukonzedwanso. Osati 9, osati 18. 98.

Ndiye mukandiuza za £7,500, ine sindikana kuti ilipo. Ndikungofunsa kuti akaika molakwika, ndikagogoda pa khomo la ndani.

Amalume a mapaipi, Leicester:
Agogo mwalasa. Zija za makoma zinatichititsa manyazi tonse a ntchito za m'nyumba. Chinachitika n'chakuti ndalama zinkalipidwa pa kuchuluka kwa nyumba, kuyang'anira kunali kofooka, ndiye aliyense wokhala ndi van anasanduka katswiri. Nyumba za mdadada zakale, zomangidwa 1919 isanafike, makoma ake ndi njerwa zokhazokha popanda mpata pakati. Khoma lotere limapuma. Ukalimata osaganizira kumene chinyezi chizitulukira, wachitsekera m'nyumba.

Pa heat pump kusiyana kulipo pang'ono, poti inu mwini mumasankha kampani ndipo mukulipirako, ndiye muli ndi pakamwa. Wobwera kudzayeza akangoyang'ana nyumba ali pakhomo n'kutchula mtengo, mutsanzikeni. Woona amalowa chipinda chilichonse ndi tepi, amayeza mawindo, amakwera m'denga, kenako amakupatsani pepala losonyeza kutentha kumene chipinda chilichonse chimataya ndi madigiri amene makinawo aziyendera. Pepala limenelo ndiye mboni yanu zikadzavuta. Ndipo wogogoda pakhomo musamusainire kanthu tsiku lomwelo, kaya wavala jekete lowala bwanji.

Achimwene a ku Glasgow:
Bwerani kuno kumpoto abale, hahaha. Ku Scotland zimadutsira ku Home Energy Scotland. Thandizo ndi £7,500 yomweyo, akumidzi ndi kuzilumba mpaka £9,000, koma pamwamba pake amakubwereka mpaka £7,500 ina yopanda chiwongoladzanja. Kwa ine ngongole imeneyi ndi yofunika kuposa kukweza grant. Vuto la Mayi a Tadala si lakuti sangalipire £4,000, ndi lakuti sangailipire tsiku limodzi. Muwapatse zaka zingapo popanda chiwongoladzanja, alipira osamva kuwawa.

Koma nafenso tili ndi zathu. Glasgow yadzaza ndi ma tenement, nyumba zosanja za miyala, mabanja asanu ndi atatu khomo limodzi. Uli pa nsanjika yachitatu, makina akunja ukawapachika pati? Ndipo kuti anansi onse agwirizane pa chinthu chimodzi, ngakhale kukonza denga lodontha kumatenga chaka.

Bambo a Chikondi, Manchester:
Ndiye mwabwera pa mfundo yanga ija. Boma likupereka ndalama yofanana kwa aliyense ngati kuti nyumba zonse n'zofanana. Wa flat sangaigwiritse ntchito, wa lendi sangaigwiritse ntchito, wa mdadada mpaka agwetse kabati. Amene akuidya bwinobwino ndi wa nyumba yoima payokha, amene akanatha kugula yekha. Ndipo ndalamayo ndi misonkho yathu tonse, ndi ya mlongo wa ku Luton yemwe.

Anaphiri, Nottingham:
Sindikutsutsani kwathunthu, koma zinthu zina zasuntha. Poyamba ankafuna kuti uyambe watchinga denga ndi makoma ngati EPC yanena choncho, lamulo limenelo analichotsa mu May 2024. Ku England kunali lamulo loti makina akunja atalikirane ndi malire a mnansi ndi mita imodzi, apo ayi ukapemphe chilolezo ku khonsolo. Kabwalo ka kuseri kwa nyumba ya mdadada mita imodzi uipeza kuti? Analichotsa mu May 2025, chatsala ndi muyezo wa phokoso. VAT pa zipangizo zimenezi ndi ziro mpaka March 2027. Ndipo mu November 2025 analengeza £2,500 ya makina a air-to-air, aja ofanana ndi air conditioner, amene amapopera mpweya wotentha m'chipinda popanda ma radiator. Amenewo ndi otsika mtengo kwambiri ndipo kwa ka flat kapena kanyumba ka zipinda ziwiri ndi oyenera. Nthawi yotentha amaziziritsanso.

Amalume a mapaipi, Leicester:
Air-to-air ndi yabwino koma madzi osamba sitenthetsa, pamenepo mufunikabe njira ina. Anthu asadzadabwe.

Nachisale, Coventry:
Chimene ine chimandinyansa n'chakuti boma limapereka £7,500 ndi dzanja lamanja, lamanzere likukweza magetsi. Kwa zaka zambiri ndalama zolipirira mapologalamu a boma a mphamvu zaukhondo zakhala zikuunjikidwa pa bilu ya magetsi kuposa ya gasi. Ndiye ukuuza munthu kuti siya gasi pita ku magetsi, koma msonkho wauika ku magetsiko. Mu bajeti ya November 2025 a Rachel Reeves, monga nduna ya zachuma, analengeza kuti pologalamu ya ECO ija itha ndipo gawo lina la ndalama zimenezi lichoka pa mabilu. Ndi poyambira. Koma tsiku limene magetsi adzatsike kufika katatu pa gasi m'malo mwa kanayi, heat pump idzadzigulitsa yokha, a nyumba zing'onozing'ono omwe.

Achimwene a ku Luton Road:
Ine ndinene zoona zanga, mundikhululukire. £4,000 ndikaipeza ikupita ku Area 49 kukamaliza denga. Kuno ndine mlendo. Ndikonze nyumba ya kuno kuti mpweya wa dziko lapansi uyere, pamene amene anauipitsa ndi eni dziko lino kuyambira nthawi ya mafakitale awo a malasha? Kwathu munthu amaphikira nkhuni, galimoto alibe, koma ndi amene anakokoloka ndi namondwe wa Freddy. Alipire okha.

Mayi a Tadala, Birmingham:
Achimwene mawu amenewo ndi owawa koma ndi oona. Mu March 2023 tonse pa gulu pano tinasonkha za maliro ku Chilobwe ndi ku Mulanje.

Anaphiri, Nottingham:
Ndi oona, ndipo palibe amene akuti musiye denga la ku Area 49. Koma pamene tikukhala kuno, utsi wotuluka pa kapaipi ka boiler yanga sulembedwa kuti uyu ndi mlendo. Kutenthetsa nyumba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu kapena asanu ndi limodzi a mpweya woipa wonse wa dziko lino, chifukwa nyumba zoposa 8 pa 10 zili pa gasi. Lamulo lawo la 2019 likuti pofika 2050 afike pa net zero, kutanthauza kuti mpweya woipa umene akutulutsa usapose umene akuchotsa. Sangafikepo popanda nyumba zathuzi. A Boris Johnson, ali nduna yaikulu mu 2020, analonjeza ma heat pump 600,000 pa chaka pofika 2028, ndipo adakali kutali kwambiri. Ndiye mukati alipire okha, ine ndikuti eya, ndipo £7,500 imeneyi ndi kulipira kumeneko. Kuisiya ndiye kuwasiyira olemera aja Bambo a Chikondi akuwanena.

Achimwene a ku Luton Road:
Akadzafika polipira zonse mudzandidzutse.

Agogo a ku Leeds:
Musakangane ana anga. Uyu akumanga kwawo, uyu akukonza kumene ana ake akukulira. Ana anu obadwira kuno sadzapita ku Area 49, ndikuuzeni ine amene ndaona.

Achimwene a ku Glasgow:
Tibwerere ku mtengo. Ine ndimaona kuti kulakwa kwake ndi kugulitsa nyumba imodzi imodzi. Msewu wa mdadada nyumba zake ndi zofanana ngati anazidinda, koma aliyense akuitana kampani yake, kuyeza kwake, van yake. Gasi sanalowe choncho m'misewu imeneyi, anakumba msewu wonse kamodzi. Ku Stithians, mudzi wina ku Cornwall, kampani ya Kensa inakumba zitsime zakuya mu msewu n'kuyala mapaipi otola kutentha kwa pansi pa nthaka, nyumba iliyonse n'kungolumikiza kamakina kakang'ono kokwana m'kabati. Kunja kulibe chopachika. Anachitanso zomwezo m'nyumba zosanja za khonsolo ku Enfield, ku London. Imeneyo ndiye njira ya ma flat ndi mdadada.

Anaphiri, Nottingham:
Kuno ku Sneinton anayesanso njira ya ku Netherlands yotchedwa Energiesprong pa nyumba za khonsolo. Makoma ndi denga amapangira ku fakitale, n'kubwera nazo pa lole kudzaveka nyumba yakale, ndi ma solar omwe. Ndimadutsako, nyumba zake zimaoneka bwino ndithu. Koma mtengo pa nyumba imodzi unali waukulu, ndipo umatsika pokhapokha nyumba zikhale zambirimbiri. Zimatheka kumene mwini ndi mmodzi, ngati khonsolo kapena housing association. Msewu wathu uno eni ake ndi makumi anayi, theka ndi malandilodi okhala kutali.

Bambo a Chikondi, Manchester:
Ndiye ndalama za boma zikanapita kumeneko, kukumba misewu, m'malo mogawa mavocha kwa amene ali kale ndi ndalama zowonjezera. Maganizo anga sanasinthe. Koma ndamva kuti nyumba ya pakati pa mdadada ili ndi mwayi, ndipo yanga ndi yapakati. Amalume, kuyezako amalipiritsa?

Amalume a mapaipi, Leicester:
Zimatengera kampani. Ena amayamba ndi mtengo wongoyerekeza pa intaneti kwaulere, kuyeza kwenikweni n'kulipiritsa kapena kufuna dipoziti yobwezedwa. Funsani musanawaitane. Tengani makoteshoni osachepera awiri, atatu ndi bwino, ndipo musangoyang'ana nambala ya pansi. Wina amatsitsa mtengo posasintha ma radiator, n'kuika makina oti aziyenda pa madigiri okwera. Mwapulumutsa lero, muzilipira pa bilu zaka zonse. Poyembekezera, kwerani m'denga muone ngati zotchinga zafika 270mm. Zimenezo n'zotsika mtengo ndipo zimathandiza kaya muli pa gasi kaya pa magetsi.

Mayi a Tadala, Birmingham:
Ine ndaganiza china. Poti ku England ngongole yopanda chiwongoladzanja ngati ya ku Scotland sitinaione m'manja, bwanji chipereganyu chathu chija? Timasonkha kale mwezi ndi mwezi, wolandira amagulira matikiti a ndege kapena simenti. Wofuna heat pump angosankha mwezi wake, chotsala chija n'kulipira kamodzi.

Nachisale, Coventry:
N'zotheka, koma pakhale dongosolo. Vocha ya £7,500 ija, pa heat pump yotola kutentha mu mpweya, ikatuluka imakhala ndi miyezi itatu yokha kuti ntchito ithe. Ndiye munthu asapemphe mu April pamene mwezi wake wolandira ndi October. Ayambe wayezetsa, adziwe chotsala chake chenicheni, kenako tisinthane miyezi kuti ndalama ifike nthawi yoika. Ndipo amene akulandira December asakakamizidwe kusinthana, tonse tikudziwa kuti imeneyo ndi ya Khirisimasi kumudzi.

Mlongo wa ku Luton:
Ndayang'ana EPC ija achemwali Anaphiri. Yalembedwa E, koma ndi ya 2014. Ndiye kuti inatha?

Anaphiri, Nottingham:
EPC imakhala zaka 10, ndiye inatha mu 2024. Jambulani tsambalo, mujambulenso nkhungu ija musanapukute Loweruka likubwerali, ndi deti lake. Mukatero ndilembereni kumbali, tilembe limodzi kalata ya kwa landilodi ndi ina ya ku khonsolo.

Nachisale, Coventry:
Amene mukufuna za chipereganyu cha heat pump lembani mayina ku gulu lathu lija, osati pano. Mutchule chilembo cha EPC yanu, ngati muli ndi combi kapena thanki, ndi zaka za boiler yanu. Adiresi musaike. Amalume atiuza amene ayenera kuyamba.

Amalume a mapaipi, Leicester:
Ayambe amene boiler yake yapitirira zaka 12 ndipo yayamba kutaya pressure. Enanu dikirani kaye.